Kurogane, Kübelwagen, Bantam, Willys ndi GAZ: kagalimoto ka nkhondo koyenera ulemu ndi kati?

Aliyense amene anatitimirapo ndi galimoto nthawi ya dzinja amadziwa mmene zimayambira. Matayala akumbuyo amangozungulira n'kumakumba, akutsogolo ali chete ngati nkhaniyo sikuwakhudza, ndipo mukamaponda moto kwambiri m'pamenenso galimoto imakhalira pansi ndi mimba. Vuto lomweli ndi limene linkasowetsa tulo akuluakulu a asilikali m'zaka za m'ma 1930. Ankaona kuti nthawi ya kavalo ikutha, koma cholowa m'malo mwake sichinkaoneka. Njinga yamoto yokhala ndi kangolo pambali inali yaliwiro pamsewu wabwino, koma m'matope inkagonja, ndiponso sinkatha kukoka mfuti yaikulu. Malole okoka ndi matayala onse anayi analipo kale, monga Jeffery Quad ya ku America imene inagwira ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma anali olemera, aatali, ooneka munthu ali kutali.

Chimene chinkasowa chinali kanthu kapakati: kakang'ono, kafupi, konyamula anthu atatu kapena anayi, kotha kulowa m'munda wolimidwa n'kutulukamo kokha. Pakati pa 1935 ndi 1941 mayiko anayi, Japan, Germany, America ndi Soviet Union, anayesa kukapanga, aliyense m'njira yake. Powayerekeza ndikufunsa mafunso atatu. Anayamba ndani? Ndi kati kamene kankachita bwino kutchire? Nanga ndi kati kamene kankatheka kupangidwa kambirimbiri, n'kukonzedwa ndi makaniko wamba pansi pa mtengo? Ndinene poyambirira pomwe kuti kwa ine funso lachitatuli ndi limene lili ndi mphamvu, ngakhale kuti yankho lake likuphimba dzina la anthu amene ndimawalemekeza kwambiri m'nkhani yonseyi.

Amene anayamba

Pa funso loyamba, ulemu sukupita ku America. Mu 1936 kampani ya ku Tokyo yotchedwa Nihon Nainenki, imene inkadziwika ndi njinga zamoto za matayala atatu zonyamula katundu za dzina loti Kurogane, inayamba kupangira asilikali a ku Japan kagalimoto kotchedwa Type 95. Nambala 95 inachokera ku kalendala ya mafumu a ku Japan, imene chaka cha 1935 inkachiwerenga kuti 2595. Ndiye kuti kudakali zaka zinayi kuti Jeep yoyamba ya ku America ijambulidwe papepala, kagalimoto kokoka ndi matayala onse anayi kanali katayamba kale kutuluka m'fakitale.

Injini yake inali ya mtundu wa njinga yamoto: masilinda awiri oima ngati chilembo V, malita osapitirira 1.4, mphamvu ya horsepower 33, yoziziritsidwa ndi mphepo m'malo mwa madzi. Apa a Japan anaganiza bwino. Nkhondo yawo inali ku Manchuria, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana mu rediyeta n'kung'amba injini. Injini yopanda madzi ilibe choti chiundane.

Koma Kurogane inkanyamula anthu atatu okha, ndipo kainjini kake sikakanatha kukoka katundu wolemera. Inali galimoto ya akuluakulu, ya otumidwa ndi uthenga ndi ya okazonda adani, basi. Chinanso chachikulu, kuchokera mu 1936 kufika mu 1944 anapanga zosakwana 5,000. Tikawerengera mmene mafakitale a ku America ankatulutsira ma Jeep nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, chiwerengero chimenecho ankachifika pasanathe masabata awiri. Kurogane inali yoyamba ndithu, koma msilikali wamba wa ku Japan anapitirizabe kuyenda wapansi, katundu ali pa kavalo.

Njira ziwiri za ku Germany

A Germany anayesa kawiri, ndipo kuyesa kwawo koyamba n'kophunzitsa kwambiri. Kuyambira mu 1936 makampani a Stoewer, BMW ndi Hanomag ankapanga galimoto imene inkatchedwa Einheits-PKW yopepuka. Papepala inali yoposa zonse. Inkakoka ndi matayala onse anayi, ndipo matayala onse anayiwo ankakhotanso mukapotoza chiwongolero, moti inkatembenuka pamalo ochepa kwambiri. Cholinga chinali choti ikhale galimoto imodzi yofanana kwa onse, koma kampani iliyonse inkaikamo injini yakeyake, choncho zipangizo sizinkalowerana. Inkalemera kuposa tani imodzi ndi theka, inali yodula, inali ndi tizitsulo tambirimbiri tofuna girizi, ndipo kukhota kwa matayala akumbuyo kunali koopsa galimoto ikathamanga. Mu 1940 anakuchotsa kukhota kwa kumbuyoko. Zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 13,000, kenako asilikali anaisiya.

Imene inalowa m'malo mwake ndi Kübelwagen ya Ferdinand Porsche, yochokera ku kagalimoto kamene pambuyo pake dziko linakadziwa kuti Volkswagen Beetle. Chodabwitsa n'chakuti siinali 4x4. Inkakoka ndi matayala akumbuyo okha. Ndaiika m'gululi chifukwa inkagwira ntchito yomweyo, ndiponso chifukwa imatikakamiza kufunsa ngati kukoka ndi matayala onse kunali kofunikadi.

Porsche anadalira kupepuka. Galimotoyo inkalemera makilogalamu pafupifupi 750. Injini inali kumbuyo, pamwamba pa matayala okokawo, choncho ankagwira nthaka bwino. Kunsi kwake kunali kosalala ngati thabwa, moti pamchenga, m'matope kapena pa chipale inkatsetsereka ndi mimba m'malo mokodwa. Difu yake, yopangidwa ndi kampani ya ZF, inkadzitseka yokha tayala limodzi likayamba kuzungulira pachabe. Atayesa zoyambirira ku Poland mu 1939, asilikali anapempha kuti izitha kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, pafupifupi makilomita 4 pa ola, kuti iziyendera limodzi ndi gulu loguba. Porsche anaika timagiya tina m'mbali mwa tayala lililonse lakumbuyo. Timagiyato tinachepetsa liwiro, tinawonjezera mphamvu yokoka, komanso tinakweza galimoto kuchoka pansi. Chinthu chimodzi chinathetsa mavuto atatu, ndipo kumeneko ndi kuganiza kwa mmisiri weniweni.

M'chipululu cha kumpoto kwa Africa injini yosafuna madzi inali dalitso. Mafuta inkamwa ochepa, chimene chinali chofunika kwa dziko limene petulo ankalisowa chaka ndi chaka. Koma kainjini ka malita osakwana 1, kamene mu 1943 kanakulitsidwa kufika pa 1.1, kankapereka horsepower 25 kakalimbikira. Kukoka mfuti yoswera akasinja sinali ntchito yake. Yokoka ndi matayala onse imene Volkswagen inapanga yochuluka ndi Schwimmwagen, ija yoyandama pamadzi, imene inayamba mu 1942, ndipo nayonso matayala akutsogolo ankathandiza mu giya yoyamba yokha ikamapita kutsogolo. Ma Kübelwagen anapangidwa pafupifupi 50,000 kufika mu 1945, ku fakitale ya pafupi ndi Fallersleben, kumene lero kuli mzinda wa Wolfsburg. Munthu asamatamande luso la galimotoyi n'kuiwala kuti ambiri mwa ogwira ntchito m'fakitale imeneyo anali akaidi ndi anthu ogwidwa ukapolo m'mayiko olandidwa.

Masiku 49 a ku Butler

A America nawonso anayamba n'kufufuza mumdima. Mu 1937 ku Fort Benning, Captain Robert Howie ndi Sergeant Melvin Wiley anapanga kangolo ka injini konyamula mfuti ya chiwaya, kafupi kwambiri moti asilikali awiri ankakayendetsa atagona chafufumimba. Mdani sakanakaona msanga, zoona, koma kankakodwa pa chitsa chilichonse, ndipo paulendo wautali kankafunika kukwezedwa pa lole. Mbali inayi, kampani ya Marmon-Herrington inkatenga timalole ta Ford ta theka la tani n'kutisandutsa 4x4, ndipo mu 1940 Dodge inayamba kupanga zake za msinkhu womwewo. Izi zinali zolimba, koma zinali zidakali malole. Kangolo ka Howie kanachepa kwambiri, Dodge inakula kwambiri.

M'tauni ya Butler, m'chigawo cha Pennsylvania, munali kakampani kamene kanali pafupi kufa, American Bantam. Kanayamba ngati American Austin mu 1929, kupanga Austin 7 ya ku Britain m'dziko limene anthu ankakonda magalimoto akuluakulu. Kanagwa mu 1934, Roy Evans n'kukadzutsa, koma malonda sanayende. Pofika 1940 fakitale inali itatsala ndi antchito ochepa chabe. Chuma chawo chinali chimodzi: ankadziwa kupanga galimoto yaing'ono. Mu Juni chaka chimenecho, France ikugwa m'manja mwa Germany, nthumwi za asilikali zinapita ku Butler kukakambirana nawo, ndipo zofunika pa kagalimoto katsopanoko zinalembedwa pambuyo pa ulendo umenewo.

Zofunikazo zinali zouma. Kakoke ndi matayala onse anayi. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo usapitirire mainchesi 80, amene ndi mamita awiri ndi pang'ono. Kanyamule makilogalamu 272. Galasi lakutsogolo lizigona. Ndipo konseko kasalemere kuposa mapaundi 1,300, kapena kuti makilogalamu 590. Makalata anapita ku makampani 135, tsiku lomaliza loyankha linali 22 Julayi, ndipo wopambana anayenera kubweretsa galimoto yoyenda m'masiku 49, kenako zina zokwanitsa 70 m'masiku 75. Amene anabwera ndi mtengo wawo anali Bantam ndi Willys-Overland. Willys inatchula mtengo wotsikirapo, koma inapempha masiku owonjezera. Bantam yokha ndi imene inati ikwanitsa.

Inalibe ngakhale gulu la mainjiniya. Anaitanitsa Karl Probst wa ku Detroit, munthu wogwira ntchito payekha, amene anabwera popanda chitsimikizo cha malipiro n'kujambula mapulani m'masiku ochepa chabe. Dzina la Probst ndi limene limatchuka, koma amene anaumanga galimotoyo ndi manja, usana ndi usiku, ndi Harold Crist, woyang'anira fakitale, pamodzi ndi amisiri ake. Injini anatenga ya Continental, ya malita 1.8 ndi horsepower 45. Maekiselo ndi bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo anapanga ndi a Spicer. Pa 23 Sepitembala 1940, tsiku lomaliza lenilenilo, galimotoyo inafika ku Camp Holabird ku Baltimore, itayenda yokha pamsewu kuchokera ku Butler, ulendo wa makilomita oposa 300.

Inalemera makilogalamu oposa 800, kutali kwambiri ndi 590 aja. Koma oyesa ataizunza m'matope, m'maenje ndi m'mapiri kwa masabata angapo anaona kuti cholakwika chinali nambala yawo, osati galimoto. Maonekedwe onse a Jeep, kufupika kwake, thupi lopanda zitseko, magiya aang'ono a kutchire, zonse zinali kale m'kagalimoto ka ku Butler aka.

Apa ndi pamene nkhani imandipweteka. Anthu a Willys ndi a Ford analoledwa kubwera ku Holabird kudzaonerera Bantam ikuyesedwa, ndipo asilikali anawapatsa mapulani ake, ponena kuti ndi katundu wa boma. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti kakampani kakang'ono chotero sikangathe kupanga magalimoto masauzande amene nkhondo idzafune. Mu Novembala 1940 Willys inabweretsa yake yotchedwa Quad, Ford n'kubweretsa Pygmy, zonse ziwiri zofanana ndi Bantam ngati ana a mimba imodzi. Kenako kampani iliyonse mwa zitatuzi inapatsidwa ntchito yopanga 1,500: Bantam BRC-40, Willys MA ndi Ford GP.

Tsopano tiziike zitatuzi pambali pa inzake, chifukwa mpikisano weniweni unali pamenepa.

Bantam inali yopepuka kuposa zinzake, yosamwa mafuta kwambiri, yomvera chiwongolero ndi mabuleki. Woyendetsa akanaikonda. Chofooka chake chinali fakitale, osati galimoto.

Ford inali ndi thupi lolinganizidwa mwanzeru. Boneti yake inali yafulati, yoti munthu n'kuyalapo mapu, kudyerapo kapena kugonekapo wovulala. Magetsi akutsogolo anali obisika kumbuyo kwa zitsulo zoteteza rediyeta kuti asasweke ndi nthambi, ndipo ankatha kutembenuzidwa kuti aunikire injini makaniko akamakonza usiku. Koma injini yake inali yochokera ku thirakitala, ya horsepower 45, ndipo pokwera phiri inkatsalira.

Willys inali yolemera kuposa zonse, ndipo kulemerako kunkachokera ku chinthu chimene chinaipambanitsa. Injini yake, Go Devil, inali ya malita 2.2 ndi horsepower 60. Sinali yatsopano. Inachokera ku galimoto ya Whippet ya m'ma 1920, ndipo injiniya wamkulu wa Willys, Delmar Roos, amene anzake ankamutchula kuti Barney, anali atatha zaka akuikonza mpaka inakhala yamphamvu ndi yopirira. Asilikali atakweza malire a kulemera kufika pa mapaundi 2,160, amene ndi makilogalamu 980, Willys inali idakali pamwamba pake. Njira yosavuta ikanakhala kuchotsa injiniyo n'kuikamo yaing'ono. Roos anakana. M'malo mwake anaphwasula galimoto yonse n'kuyamba kupungula paliponse: kudula mabawuti otalika mopitirira, kupepuza malata, kuchepetsa ngakhale penti. Anakwanitsa, injini ili momwemo.

Mu Julayi 1941 asilikali anafuna mtundu umodzi wokha, ndipo Willys inapambana ntchito ya magalimoto 16,000 pa mtengo wa madola pafupifupi 739 iliyonse. Imene inatuluka, Willys MB, Jeep ya nkhondo imene timaidziwa ija, inali ya makolo atatu: maganizo a Bantam, injini ya Willys, boneti ndi magetsi a Ford. Ngakhale nkhope ija imene aliyense amaidziwa, lata limodzi lobooledwa mipata yoimirira, inachokera ku Ford, chifukwa kudinda lata kunali kwachangu ndi kotchipa kuposa kuwotcherera tizitsulo. Ya nkhondo inali ndi mipata 9. Ya mipata 7 inabwera ndi CJ-2A ya anthu wamba mu 1945.

Willys payokha sinakwanitsenso, choncho kumapeto kwa 1941 Ford inauzidwa kupanga galimoto yomweyo potsata mapulani a Willys. Inatchedwa GPW. G ankaimira boma, P chinali chilembo chimene Ford inkazindikirira galimoto ya mainchesi 80 aja, ndipo W anali Willys. Ford inkadinda chilembo F pa zitsulo zake, ngakhale pa mabawuti, koma chitsulo cha Ford chinkalowa pa Willys, cha Willys n'kulowa pa Ford. Pofika 1945 Willys inali itapanga pafupifupi 360,000, Ford pafupifupi 280,000. Bantam inathera pa zosakwana 2,700, ndipo zambiri mwa izo zinatumizidwa ku Britain ndi ku Soviet Union.

Yankho la ku Gorky

A Soviet sanachedwe. Kumayambiriro kwa 1941, akuluakulu awo ataona nkhani ndi zithunzi za Bantam, analamula fakitale ya GAZ mumzinda wa Gorky kuti ipange yofanana nayo. Vitaly Grachev, amene anali atapanga kale GAZ-61 yokoka ndi matayala onse, anamaliza GAZ-64 pasanathe miyezi iwiri, pogwiritsa ntchito zitsulo zimene fakitale inali nazo kale. Injini yake ya malita 3.3 inali mdzukulu wa injini ya Ford, popeza fakitale ya GAZ inamangidwa mothandizidwa ndi Ford n'kutsegulidwa mu 1932. Inali yaikulu, yozungulira pang'onopang'ono, yokoka mwamphamvu, yosanyansidwa ndi petulo woipa.

Potsanzira kuchepa kwa Bantam anaipanga yopapatiza kwambiri, ndipo inkagubuduka msanga. Ma GAZ-64 anapangidwa mazana ochepa chabe, chifukwa machasisi ambiri anapita ku kagalimoto kokutidwa ndi chitsulo kotchedwa BA-64. Mu 1943 anatalikitsa maekiselo n'kuitcha GAZ-67, ndipo m'pamene inakhazikika. Mabuleki ake anali a zingwe, ofuna mwendo wamphamvu. Inapangidwa mpaka 1953, zoposa 90,000, koma zochuluka zinatuluka nkhondo itatha. Pa nthawi ya nkhondo yeniyeniyo msilikali wa Soviet ankakwera kwambiri Willys ndi Ford za ku America, zimene zinafika kumeneko pafupifupi 50,000.

Ndikanasankha iti

Zimatengera kumene mukupita ndi chimene mwanyamula. Ndikanakhala m'chipululu, madzi ali osowa, petulo ali wowerengera, ntchito yanga ili yongopereka uthenga, ndikanatenga Kübelwagen osaganiza kawiri. Imatsimikiza kuti galimoto yopepuka, yoikidwa kulemera pamalo oyenera, imadutsa malo ambiri amene anthu amaganiza kuti amafuna 4x4. Koma mukangoimangirira ngolo kumbuyo, kapena mukafika pa chitunda chonyowa chimene matayala akutsogolo ayenera kukwera akukoka, nzeru za Porsche zimathera pomwepo. Pa msewu woipitsitsa ndi mafuta oipitsitsa, GAZ-67 inkapirira kuposa zonse, ngakhale kuti woyendetsa ankafika atatheratu. Kurogane ndingaisankhe pofuna kuonetsa ana kumene nkhani inayambira. Einheits-PKW sindingaitenge, ndipo eni ake omwe anaikana.

Jeep siinali yopanda chilema. Inali yopapatiza ndi yolimba masipuling'i, moti inkagubuduka woyendetsa akakhota mothamanga, ndipo inavulaza ndi kupha asilikali ambiri pangozi zapamsewu. Thanki ya petulo inali pansi pa mpando wa dalaivala. Mvula ndi mphepo zinkalowa mmene zafunira. Mafuta inkamwa ochuluka kuposa Kübelwagen. Koma tayang'anani chimene inapatsa woyendetsa. Pambali pa ndodo ya magiya atatu panali timikono tiwiri tating'ono. Kamodzi kankalumikiza matayala akutsogolo, kenako kankatsitsa magiya onse kuti galimoto ikwawe mwamphamvu. Pamsewu wabwino mumayenda ndi matayala awiri, mukafika pa zithaphwi mumakoka kamkono. Palibe chobisika, palibe chimene munthu wa sipanala ndi nyundo sangachimvetse. Dongosolo limenelo ndi lomwe lili m'ma 4x4 ambiri ogwira ntchito kumidzi mpaka lero.

Ndipo chifukwa zinali zochuluka ndi zofanana, anthu anayamba kuzipezera ntchito zimene olemba malamulo a mu 1940 sanazilote. Zinakoka mfuti zoswera akasinja, zinayala mawaya a telefoni, zinanyamula ovulala pa machira omangidwa pa boneti ndi kumbuyo. Mu Julayi 1942 asilikali a SAS, gulu lapadera la ku Britain lotsogoleredwa ndi David Stirling, analowa usiku pa bwalo la ndege la Sidi Haneish ku Egypt ndi ma Jeep 18 odzaza mfuti, n'kuwononga ndege za adani zili pansi. Ku Burma anazivula matayala n'kuziveka magudumu a sitima, zikukoka mabogi pa njanji ya pakati pa Mogaung ndi Myitkyina. Ku Burma komweko mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa osaleka ndipo malungo akugwetsa anthu, munadutsa gulu la 11th East Africa Division, mmene munali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi anzawo a ku Northern Rhodesia. Agogo athu amene anapita kunkhondo imeneyo anaiona Jeep ikulimbana ndi matope amene malole ankawalephera.

Kübelwagen imodzi mukhoza kuiyerekeza ndi Jeep imodzi n'kukangana mpaka dzuwa kulowa. Koma 50,000 simungaziyerekeze ndi 640,000 zokhala ndi zipangizo zolowerana. Jeep ikafa kutchire, inzake yophwanyidwa ndi bomba inkapereka giyabokosi, ndipo pofika madzulo imodzi mwa ziwirizo inkayenda. N'chifukwa chake ndikuvomereza, ngakhale monyinyirika, kuti asilikali a ku America sanalakwe posankha mafakitale aakulu. Chimene analakwa ndi mmene anaisiyira Bantam. Sanaipatsenso ntchito ya Jeep ngakhale imodzi. Bantam inathera nkhondo yonse popanga tingolo ta matayala awiri tokokedwa ndi ma Jeep a Willys ndi Ford, tokwana masauzande makumi angapo, pamodzi ndi zida zina. Willys itayamba kulengeza m'manyuzipepala ngati kuti Jeep inabadwira kwa iyo, bungwe la boma loona za malonda, Federal Trade Commission, linafufuza, ndipo mu 1948 linaletsa Willys kunena zimenezo, pozindikira kuti ganizolo linayambira ku Bantam mogwirizana ndi asilikali. Chigamulocho sichinabweze kanthu ku Butler. Mu 1950 dzina loti Jeep linalembetsedwa kukhala la Willys, ndipo mu 1956 Bantam inamezedwa ndi kampani ina ya zitsulo.

Ana a galimotoyi ndi amene ife timawadziwa bwino. Nkhondo itatha, Maurice Wilks, injiniya wamkulu wa kampani ya Rover, ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo pa munda wake pachilumba cha Anglesey ku Wales. Iye ndi mkulu wake Spencer anaganiza zopanga yawo, yoti mlimi azilimira ndi kupitira kumsika. Yoyesera yoyamba, ya mu 1947, anaimanga pa chasisi cha Jeep, chiwongolero chili pakati ngati cha thirakitala. Chitsulo chinali chosowa ku Britain, choncho thupi analipanga ndi aluminiyamu, ndipo n'chifukwa chake Land Rover yakale mumaipeza itafa injini koma thupi lisanachite dzimbiri. Inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Asilikali a ku Britain anali akupangitsa yawoyawo, Austin Champ, yokhala ndi injini ya Rolls-Royce, koma inatuluka yodula ndi yovuta kukonza, ndipo m'kupita kwa nthawi anaisiya n'kutenga ya mlimi ija. Ku Japan, kwawo kwa Kurogane, Toyota inapanga Jeep BJ mu 1951 potengera chitsanzo cha ku America, n'kuisintha dzina mu 1954 kukhala Land Cruiser, ija imene lero imanyamula odwala kuchokera ku zipatala za kumidzi msewu utaduka.

Land Rover yoyamba ija, imene abale ake anadzayenda m'misewu yafumbi ya Nyasaland ndi Northern Rhodesia atanyamula a DC, apolisi ndi alangizi a zaulimi, inali ndi mainchesi 80 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, nambala yomwe ija inali m'kalata imene Karl Probst ndi Harold Crist anaiyankha ku Butler mu Julayi 1940.